Magetsi a sola otsala masana angathe kufunditsa madzi a wudhu wa Fajr

Bismillahir Rahmanir Rahim. Kuyamikidwa konse n'kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, amene anatipatsa dzuwa ndi madzi. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo, m'zaka zapitazi mapanelo a sola achuluka pamadenga a nyumba, magolosale ndi mizikiti m'maboma a Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota. Ena anagula chifukwa mawaya a ESCOM sanafike kumudzi kwawo. Ena anatopa ndi kuzimazima kwa magetsi, makamaka namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Enanso anachita kuguliridwa ndi ana awo amene ali ku Joni.

Koma pali chinthu chimene eni mapanelo ambiri sachidziwa. M'nyumba zambiri batire imadzaza dzuwa lisanapendeke, ndipo kuchokera pamenepo mphamvu ya panelo imangopita pachabe. M'nyumba yomweyo, mayi amadzuka mbandakucha m'mwezi wa June, mwera ukuomba, kukasonkha moto wa nkhuni zogula kuti agogo ndi ana apeze madzi ofunda a wudhu. Mphamvu yotayika masana ija ikhoza kugwira ntchito imeneyi. Chofunika n'kudziwa kuti yotsalayo ndi yochuluka bwanji, ndiponso mmene tingaitengere popanda kupha batire.

Kodi magetsi otsalawo amapita kuti?

Sola ya panyumba imakhala ndi zigawo zinayi. Pali panelo imene imasandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Pali batire imene imasunga magetsiwo kuti tiwagwiritse ntchito usiku. Pakati pa ziwirizi pali kabokosi kotchedwa kontorola, kamene kamayang'anira kuti batire isadzaze mopyola muyeso. Ndipo m'nyumba zina muli inveta, imene imasintha magetsi a batire kuti afanane ndi a ESCOM.

Kontorola ili ngati mwana amene mwamuika pampopi kuti adikirire ndowa. Ndowa ikadzaza, iye amatseka mpopi. Madzi akadalipo m'paipi, koma palibe potungira. Chimodzimodzi batire ikadzaza, kontorola imachepetsa magetsi ochokera kupanelo mpaka kutsala ochepa kwambiri. Dzuwa likuwalabe pa panelo, koma palibe cholandira mphamvuyo.

Mukhoza kuona nokha ngati izi zikuchitika panyumba panu. Yang'anani kontorola nthawi ya Dhuhr kwa sabata yathunthu. Ngati masiku ambiri ikusonyeza kuti batire yadzaza, kapena ikulemba mawu akuti float, ndiye kuti kuyambira nthawi imeneyo mpaka Asr muli ndi magetsi amene simukuwagwiritsa ntchito. Ngati batire imafika Asr isanadzaze, mulibe otsala, ndipo musayese zimene zafotokozedwa m'munsimu musanawonjezere panelo.

Madzi amadya magetsi ochuluka bwanji?

Apa m'pofunika kuwerengera, chifukwa kutenthetsa madzi kumadya magetsi kuposa mababu, wailesi ndi mafoni zonse pamodzi. Magetsi amene chinthu chadya amayezedwa mu Wh. Babu ya mawati 10 ikayaka ola limodzi yadya 10 Wh. Yuniti imodzi imene timagula ku ESCOM ndi 1,000 Wh.

Kuti lita imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi, pamafunika 1.16 Wh. Choncho ndowa ya malita 20, kuichotsa pa madigiri 20 kufika pa 45, pamene madzi amakhala abwino kusamba, imafuna pafupifupi 580 Wh. Thanki ya malita 50 kuifikitsa pa madigiri 60 imafuna pafupifupi 2,300 Wh. Giza ya malita 100 imafuna kuwirikiza kawiri pamenepo.

Tsopano tiyerekeze nyumba imene ili ndi panelo ya mawati 300. Kuno kwathu dzuwa lamphamvu limakwana pafupifupi maola asanu patsiku. Tikachotsa zotayika chifukwa cha kutentha kwa panelo, fumbi ndi mawaya, panelo yotere ingapereke pafupifupi 1,200 Wh patsiku lopanda mitambo. Tinene kuti nyumbayo imayatsa mababu asanu a mawati 5 kwa maola asanu, kanema wa mawati 50 kwa maola anayi, fani ya mawati 40 kwa maola asanu, komanso kutchaja mafoni. Zonsezi zimadya pafupifupi 600 Wh. Zotsala ndi 600 Wh, zomwe zikukwana ndowa imodzi ya madzi ofunda.

Ndowa imodzi ingaoneke yochepa, koma tikumbukire Sunnah. Hadith ya Anas bin Malik (radhiya Allahu anhu) imene ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim ikutiuza kuti Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) ankachita wudhu ndi madzi a muyeso wa mudd, ndipo ankasamba ndi saa' imodzi mpaka ma mudd asanu. Mudd sikwana lita imodzi, ndipo saa' ndi pafupifupi malita atatu. Banja la anthu asanu ndi mmodzi litati lizitunga ndi kapu m'malo mokhuthula, ndowa ya malita 20 ingakwanire wudhu wa onse, n'kutsalanso madzi oti anthu awiri asambe janaba.

Dziwaninso kuti sola zing'onozing'ono za mawati 50 kapena 100 sizikhala ndi zotsala zokwanira ntchitoyi. Nyumba imene ili ndi filiji ya nsomba kapena ya mafiziyesi nayonso kawirikawiri imamaliza magetsi ake onse. Ndipo sola zogula pangongole zolipira pang'onopang'ono, zimene zimabwera zomata, musazitsegule n'kulumikizamo zanu, chifukwa mungaphwanye pangano limene munachita ndi okugulitsani, pamene Msilamu amasunga pangano.

Lamulo lalikulu: batire isatenthetse madzi

Pa zida zonse za sola, batire ndi imene imadula kwambiri komanso ndi imene imafa msanga. Batire wamba ya mavolti 12 ndi 100 Ah imasunga 1,200 Wh, koma kuti ikhalitse simuyenera kuimwa kupyola theka. Ndiye kuti muli ndi 600 Wh zokha zogwiritsa ntchito usiku. Mukati mufunditse ndowa imodzi mbandakucha kuchokera m'batire, mwamaliza magetsi a usiku wonse, ndipo mukamachita zimenezi tsiku ndi tsiku batireyo simukhala nayo nthawi yaitali.

Choncho madzi azitenthedwa masana, dzuwa lili pamutu, batire itadzaza kale. Magetsi azichoka kupanelo kupita kumadzi. Zikatero madzi otenthawo asanduka ngati batire yachiwiri, yotsika mtengo, yosunga mphamvu ya dzuwa mpaka m'mawa.

Chachiwiri, chotenthetsera chimene chimalowa m'madzi, chimene amisiri amachitcha elementi, chisakhale chachikulu kuposa mphamvu imene panelo ikupereka. Elementi za m'magiza wamba ndiponso m'maketulo a magetsi zimakhala za mawati 2,000 kapena kuposa. Panelo ya mawati 300 masana otentha imapereka mawati osapyola 250. Mukalumikiza elementi ya mawati 2,000 ku inveta, zotsala zonsezo zizichokera m'batire, mwinanso inveta izingozima kapena ipsa. Kwa panelo yotere yoyenera ndi elementi ya mawati 150, imene pa maola anayi imapereka 600 Wh zija. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Musaganizenso zolumikiza elementi ya giza wamba kubatire mwachindunji. Elementi yopangidwira mavolti 230, ya mawati 2,000, mukaipatsa mavolti 24 imangotulutsa mawati pafupifupi 22, omwe sangafunditse ndowa ngakhale tsiku lonse. Elementi iyenera kufanana mavolti ndi batire yanu: ya 12, ya 24 kapena ya 48.

Njira zimene zilipo

Njira yoyamba, yosavuta kuposa zonse, ndi ya swichi ya pamanja. Mmisiri amaika elementi yaing'ono m'thanki, pamodzi ndi fyuzi ndi swichi. Wina wa panyumba akaona kuti batire yadzaza amayatsa, ndipo nthawi ya Asr amazimitsa. Vuto lake ndi kuiwala. Swichi ikagona yoyatsa, m'mawa mupeza batire itatheratu. Kuika chowerengera nthawi chozimitsa chokha kumathandiza, koma chowerengeracho sichiona mitambo. Tsiku la chiperoni chimayatsa ngakhale batire isanadzaze.

Njira yachiwiri ndi yoti batire yokha izilamula. Pali kachipangizo kotchedwa relay kamene kamayeza mavolti a batire. Akakwera kufika posonyeza kuti batire yadzaza, kamayatsa elementi, akatsika, kamazimitsa. Makontorola ndi mainveta ena, monga ena a kampani za Victron ndi Morningstar, amabwera ndi malo olumikizirapo zimenezi. Njirayi ndiyo yoyenera nyumba zambiri zimene sizili pa ESCOM, chifukwa mtambo ukaphimba dzuwa elementi imazima yokha.

Njira yachitatu ndi ya nyumba zimene zili ndi sola komanso magetsi a kampani. M'mayiko ngati Britain, kumene magetsi otsala amabwerera m'mawaya a kampani, anthu amaika zida monga Eddi kapena Solar iBoost. Zidazi zimayeza magetsi amene akufuna kutuluka m'nyumba, n'kutumiza muyeso womwewo kugiza. Achibale amene ali kunja asafulumire kutumiza zida zoterezi, chifukwa sizinapangidwire sola ya batire yokha yopanda mawaya a kampani.

Njira yachinayi ndi kupatula panelo imodzi kapena ziwiri kuti zizitumikira madzi okha, osadzera kubatire. Imafuna kontorola yakeyake yopangidwira ntchitoyi. Ubwino wake n'ngoti ngakhale wina alakwitse, batire ya m'nyumba sikhudzidwa.

Tisabise chinthu chimodzi. Ngati mukufuna kugula zida zatsopano ndi cholinga cha madzi otentha okha, giza ya dzuwa ya machubu agalasi, imene imaikidwa padenga, imaposa panelo. Panelo imasandutsa gawo limodzi mwa magawo asanu a kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, pamene giza ya machubu imakola theka la kutenthako kapena kuposa. Njira ya magetsi otsala ndi yopindulitsa kwa amene ali kale ndi mapanelo amene akungokhala masana.

Kusunga kutentha mpaka Fajr

Kuchokera Asr kufika Fajr pamadutsa maola oposa khumi ndi awiri. Madzi a m'ndowa yosavundikira amakhala atazizira pofika Isha. Choncho ndalama zofunditsira thanki n'zofunika mofanana ndi ndalama za elementi.

Giza yogula imabwera yokutidwa kale mkati, ngakhale kuti kuikulunga bulangete kumawonjezera. Amene alibe giza angagwiritse ntchito thanki yachitsulo yaing'ono yokhala ndi chivundikiro, kuiika m'bokosi kapena m'dengu lalikulu, n'kudzaza m'mbali monse ndi mankhusu a mpunga, thonje kapena nsanza zouma, kukhuthala kwake ngati chikhatho cha dzanja. Pansi ndi pamwamba pafunikanso kukutidwa, chifukwa kutentha kwambiri kumathawira pachivundikiro. Zokutirazo zisakhudze mawaya kapena mutu wa elementi, ndipo zisanyowe. Thankiyo ikhale m'nyumba, osati panja pamene mwera ukuomba.

600 Wh zija zingafikitse malita 13 pa madigiri 60. Madzi amenewa akasakanizidwa ndi ozizira amadzaza ndowa ya madzi ofunda. Usiku amataya kutentha kwina, koma thanki ikakutidwa bwino m'mawa amakhalabe othandiza.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'miyezi ya June ndi July, pamene madzi ofunda akufunika kwambiri, masiku amafupika ndipo dzuwa limadutsa chakumpoto. Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono, ndipo muziipukuta fumbi. Chothandiza n'chakuti nthawi imeneyi fani siyatsidwa, choncho magetsi ake amapita kumadzi. M'miyezi ya mvula padzakhala masiku amene madzi sadzafunda, ndipo mbaula idzafunikabe.

Zoyenera kusamala nazo

Magetsi ndi madzi zikakumana molakwika zimapha. Musayerekeze kutenthetsa madzi ndi mawaya awiri kapena zitsulo zoviika m'ndowa. Ntchitoyi ipatsidwe mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA, osati aliyense amene ali ndi pulayasi.

Magetsi a mavolti ochepa amafuna mawaya onenepa. Elementi ya mawati 150 pa mavolti 12 imakoka ma amp oposa 12, ndipo ya mawati 300 imakoka 25. Waya wa wailesi angatenthe n'kuyatsa denga. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire. Maswichi ndi ma thermostat opangidwira magetsi a ESCOM sayenera kudula mwachindunji magetsi a panelo kapena a batire, chifukwa magetsi amenewa akamadulidwa amatulutsa moto wosazima msanga umene umasungunula swichi.

Elementi isayake thanki ilibe madzi, chifukwa imapsa nthawi yomweyo. Pakhale chozimitsa madzi akafika pa madigiri 60. Thanki yotsekeratu iyenera kukhala ndi valavu yotulutsa mpweya, apo ayi ikhoza kuphulika. Madzi a m'mijigo ina ya mchere amasiya zoyera pa elementi, choncho muziichotsa n'kuitsuka nthawi ndi nthawi.

Madzi a madigiri 60 amawaula khungu la mwana m'masekondi ochepa. Muzisakaniza kaye ndi ozizira, n'kuyesa ndi dzanja lanu musanapatse mwana, wodwala kapena wokalamba. Komabe m'pofunika kuti thanki izifika pa madigiri 60 kamodzi pa sabata. Madzi akamangokhala ofunda masiku ambiri, pakati pa madigiri 20 ndi 45, mumaswana tizilombo totchedwa Legionella timene timayambitsa chibayo.

Kwa amene amatunga kunyanja pali phindu lina. Tizilombo ta likodzo timene timalowa pakhungu timafa madzi akatenthedwa kufika madigiri 50 kwa mphindi zisanu. Koma madzi otere ndi osamba ndi a wudhu basi. Akumwa ayenera kuwiritsidwa mpaka kubwata kapena kuthiridwa klorini. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu March 2022 n'kufalikira m'mphepete mwa nyanja tisauiwale.

Kodi chipembedzo chikuti chiyani?

Ena amafunsa ngati kufunditsa madzi sikuchepetsa malipiro, popeza Hadith ya m'buku la Muslim imayamikira munthu wokwaniritsa wudhu pa nthawi yovuta monga yozizira. Ma ulama anafotokoza kuti malipirowo ndi a munthu amene wapirira vuto limene lamupeza, osati amene akulifunafuna dala pamene njira yofewa ilipo. Imam Bukhari anatchula kuti Umar bin Khattab (radhiya Allahu anhu) anachitapo wudhu ndi madzi otenthetsa. Ndipo Amr bin Al-Aas (radhiya Allahu anhu) anachita tayammum usiku wozizira kwambiri pa ulendo wa Dhat as-Salasil poopa kuti kusamba kungamuphe, ndipo Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) atamva sanamudzudzule. Mu madhhab a Imam Shafi'i, madzi ozizira kwambiri kapena otentha kwambiri ndi makruh, chifukwa amalepheretsa munthu kusambitsa ziwalo mokwanira. Madzi ofunda amathandiza kuti wudhu ukhale wokwanira, ndiponso kuti wachinyamata wofunika kusamba janaba asachedwetse Fajr mpaka dzuwa litatuluka.

Funso lina limachokera kwa amene anaphunzira fiqh kumadrasa, lokhudza madzi a mushammas, kutanthauza madzi otenthedwa ndi dzuwa. M'mabuku a Shafi'i madziwa ndi makruh kuwagwiritsa ntchito pathupi ngati atenthedwa ndi dzuwa m'dziko lotentha, m'chiwiya chachitsulo, ndipo akadali otentha. Chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti dzuwa limatulutsa zina m'chitsulocho zimene zingaononge khungu. Imam Nawawi, yemwenso ndi wa madhhab omwewa, anasankha maganizo oti si makruh. Ngakhale kwa amene amati ndi makruh, wudhu wake umalandiridwa. Koma madzi amene tikukamba pano sanaikidwe padzuwa. Ali m'thanki m'nyumba, ndipo chawatenthetsa ndi elementi, monga zimakhalira m'ketulo. Amene ali ndi giza ya machubu padenga ndipo mtima ukukayika, akafunse Sheikh wa kudera kwawo.

Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-A'raf ndime 31, ikutiletsa israaf, kumene ndi kuononga ndi kupyola muyeso. Kugula makala ndi nkhuni tsiku ndi tsiku pamene mphamvu yaulere ikutayika padenga ndi nkhani yoti banja liiganizire. Mitengo ya m'mapiri ozungulira nyanja ikutha, ina powambira nsomba, ina pophikira, ndipo utsi wa mbandakucha amaupuma ndi amayi athu ndi ana aakazi.

Mizikiti ndi madrasa

Malo amene njirayi ingapindule kwambiri ndi pamzikiti. Sola ya pamzikiti imagwira ntchito yochepa: zokuzira mawu pa adhana ndi Swala, ndi mababu a Maghrib, Isha ndi Fajr. Masana onse batire imakhala yodzaza. Komiti ya mzikiti itaika thanki yokutidwa bwino pamalo a wudhu, okalamba amene amalephera kubwera ku jamaa ya Fajr nyengo yozizira angapepukidwe. Madzi omwewo angathandize posambitsa maliro ndiponso kwa ana ogonera pamadrasa. Wofuna sadaqa yopitirira angaganizire zimenezi. Komiti isankhe munthu mmodzi woona kuti thanki ili ndi madzi tsiku lililonse, chifukwa chinthu cha gulu chopanda mwini sichichedwa kufa.

Poyambira ndi pafupi. Sabata ino yang'anani kontorola yanu nthawi ya Dhuhr, lembani masiku amene batire yadzaza, werengani mawati a panelo yanu pachikwangwani cha kumbuyo kwake, ndipo pitani nazo kwa mmisiri. Mukapeza kuti zotsala zilipo, yambani ndi elementi yaing'ono ndi thanki yaing'ono. Mukapeza kuti palibe, mwapulumutsa batire yanu. Tikupempha Allah atipatse nzeru zogwiritsira ntchito bwino mtendere wake, ndipo atifewetsere kudzuka pa Swala ya Fajr. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.